Makina Opanda Phokoso

Lolemba, 4 Ogasiti

Jenereta imodzi yokha lero, ya wometa tsitsi woyandikana nane. Pulagi yakuda bii. Ndaitsuka, yalira. Kenako pa benchi mpaka madzulo, kuingitsa ntchentche ndi sipanala. Wailesi ikuti msonkho wa petulo ndi majenereta wakwera, wa sola achotsa. Akuti utsi wathu ukutenthetsa dziko. Utsi wa wometa? Kajenereta kake nkosaposa ndowa.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Mwini famase, kasitomala wanga wakalekale, waika sola. Ndinapita kukaona. Mapanelo akuda padenga, mabatire m'kachipinda, bokosi loyera pakhoma, akuti inveta. Ndinagunditsa khutu pabokosilo. Zii. Moyo wanga wonse matenda a makina ndimawamva ndi khutu. Nanga ichi chikadwala chimadandaula bwanji?

Loweruka, 9 Ogasiti

Lendi ya shopu yayandikira. Amayi a ana atopa nane. "Dzuwa likukulandani ntchito, inu n'kumaliyamikira pakudya pomwe?" Sakunama, ndakhala ndikulikamba kwambiri.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Ndinamva kuti kuli maphunziro a sola aulere, ndiye lero ndapita ku ofesi yake. Kalaliki wayang'ana imvi zanga, wati akutenga achinyamata okha, a satifiketi. Ndafunsa kuti ife amene ntchito yathu ikufa tilowere kuti. Wati funso ndi labwino koma malamulowo sanalembe ndi iye. Kundinyoza sanandinyoze. Potuluka ndaima pawindo la kalasi. Mphunzitsi ndi mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Pabolodi dzuwa, muvi, batire. Ndamva theka.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Windo lomwe lija masiku onsewa, shopu yotseka mpaka masana. Lero mphunzitsi watuluka. Ndimati wabwera kudzandipirikitsa. "Bambo, miyendo siikupweteka? M'kalasi sindingakulowetseni, koma inveta yakufa ilibe lamulo." Wandipatsa bokosi lonunkha kupserera.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Ndaitsegula. Pisitoni mulibe, oyilo mulibe, choyenda ndi kafani kokha. Tinthu tondandalikana ngati nyumba, timisewu ta mkuwa pakati. Kamodzi kotupa ngati nkhupakupa. Ndakakhudza ndi chitsulo, phaa! Dzanzi mpaka m'phewa. Chinthu chakufa chimausunga pati moto? Mawa ndikafunse. Amayi a ana aseka mpaka misozi, kenako andikalipira.

Lolemba, 25 Ogasiti

Wometa wabwera chimanjamanja. Akutseka mwezi ukatha. Mitu yonse yomwe amameta imathera ku petulo, sola sangaifikire. Msonkho wa sola anachotsadi, koma anachotsera amene ali nazo kale zogulira. Telala wa khomo linalo naye akulira zomwezo. Chakudya sichinalowe.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Kalasi imaika mapanelo padenga la ofesi. Ndinawagwirira makwerero, mphunzitsi n'kuti ndikwere ndione. Tauni yonse pansi panga. Kumtunda madenga akuthwanima ndi sola, kwathu dzimbiri lokhalokha, koma dzuwa likuwomba chimodzimodzi. Ndayeza ndi maso mzere wa mashopu athu: denga langa, la wometa ndi la telala ndi limodzi, lalitali, lopanda mthunzi wa mtengo. Ndafunsa ngati sola imodzi ingadyetse mashopu atatu, anthu atasonkherana. Wati zimatengera zomwe tikuyatsa, ndikaone manambala olembedwa pansi pa makina aliwonse ndimubweretsere.

Loweruka, 30 Ogasiti

Ndapeza wometa atachotsa kale kalilole pakhoma. Ndamufotokozera za sola yosonkherana ija. "Inu a Phokoso, sola mwaikapo kangati?" Ndati sindinaikepo, koma yandilumapo kamodzi. Kalilole anali naye m'manja uja wamutsamiritsa kukhoma m'malo momuika m'katoni.

Tatembenuza makina ometera kufuna manambala aja. Tizilembo ngati nyerere, tonse awiri maso adatha. Tikudikira telala abwere ndi mandala ake.