Thobwa la mu Mgolo wa Achimwene

Mkhumba, Phalombe
21 Ogasiti 2004

Okondedwa achimwene a Goodman,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre. Kuno nandolo wayamba kuuma, ndipo amayi akuti ndikupatseni moni. Moni wawo ndapereka, wanga ndiyambe ndasunga.

Mukuikumbukira migolo imene munatola kuseri kwa shedi, esiteti ya fodya ija itatsekedwa? Munapala ndi mpeni chigaza chochenjeza za poizoni chojambulidwa pambali n'kunena kuti, "Phulusa ndi mchenga zimatsuka chilichonse." Nditakana, munati Folomu 4 yandizunguza mutu. Zotsukazo munakhuthulira pafupi ndi chitsime. Kuyambira pamenepo mgolo wina tasungiramo madzi, winawo thobwa.

Chaka chatha kunabwera aboma. A zamadzi anatunga pachitsime m'timabotolo, a zanthaka anakumba pakhomo, a zaumoyo anatenga mkaka wa amayi oyamwitsa. Aliyense tsiku lake, galimoto yake, koma yankho limodzi: "Zotsatira zili kulikulu." Ndinapalasa njinga mpaka kuboma. A Julius a zaumoyo anati sangalankhule asanaone za madzi. Mayi Violet a zamadzi anati zawo sizituluka popanda chilolezo. Achimwene, zitseko za anthu awiriwa n'zoyang'anizana. Shuga wa tiyi amapatsana, koma za moyo wathu ayi.

Lachinayi onse anabwera kumsonkhano wa chitukuko pasukulu, ine ndili m'gulu lolandira alendo. Ndinaimika mgolo wanu patsogolo pawo, ndinatunga thobwa, n'kugwada.

"Alendo athu, imwani. Madzi ake ndi a pachitsime chija munayeza, mgolo wake ndi uno."

Mukudziwa kuti kwathu kuno mlendo sabweza chikho anthu akuona. A Julius analandira ndi manja awiri. Chikho chili pafupi ndi mlomo, Mayi Violet anawagwira mkono.

"Musamwe."

"Bwanji, mayi?" ndinatero. "Mwagwa ntchentche?"

Anayamba kunong'ona. Ndinati, "Kwezani mawu, akumbuyo nawonso amamwa madzi."

Ndiye Mayi Violet anaimirira n'kunena. M'chitsime chathu muli mankhwala akalekale ophera tizilombo, aja sawola. Amakhala m'dothi zaka ndi zaka, akalowa m'thupi satuluka msanga. A Julius anaika chikho pansi. "Ndi omwewo tinawapeza mumkaka," anatero, "koma sitinkadziwa kumene akuchokera." Wa zanthaka naye anavomera. Anagwirizana pomwepo, pamaso pathu, kuti aphatikize zimene apeza ndipo azibwera limodzi. Chitsime achitseka, migolo yathu atenga.

Amayi anandikalipira kuti ndachititsa alendo manyazi. Sindinawauze kuti mumgolomo ndinabisamo ndowa yatsopano, ndipo thobwalo linali la madzi a pamjigo. Pakamwa ndili napo, koma sindine mfiti.

Tsono nali pempho langa. Migolo ija sinali iwiri yokha. Ina munagawira anzanu a ku Nkhulambe, ndipo mpaka lero ana akumwa za mmenemo. Aboma abweranso mwezi wamawa. Bwerani mudzawalondolere khomo ndi khomo. Musandiuze za ntchito. Mukapanda kubwera, ndidzafika pageti pa abwana anu ndi chikho chomwe chija. Za kukhululuka musafunse lero; tidzakambirana mukadzabwerako ku Nkhulambe.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amuna anga a Eric akupereka moni. Masiku ano ndiwo amakatunga madzi kumjigo panjinga, chifukwa ine andiletsa kusenza zolemera. Palinso wina amene sangapereke moni panopa, koma pofika Januwale mudzakhala malume ake. Ndinafunsa a Julius ngati ndidzamuyamwitse. Anati inde, ndisadzasiye, koma anatenga nthawi asanayankhe.

Ndine mlongo wanu, amene akudikira pamsewu,
Rozaria