Ndere za M'thanki ya Abambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tadzuka, ngakhale msana wanga ukunena zina.

Ndalemba pamanja chifukwa pafoni mumangofunsa kuti abambo ali bwanji, ine n'kuyankha kuti ali bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero mundilole ndiyambe ndi nsomba zanu.

Thanki yagalasi ija munawagulira abambo amayi atatisiya, kuti azikhala ndi chowatangwanitsa, inasanduka chithaphwi. Ndere zinamera pagalasi, pamiyala, ngakhale pamasamba apulasitiki aja. Nsomba tinkangoziona mwa apo ndi apo zikamadutsa m'madzi obiriwira.

Musaganize kuti ndinapinda manja. Loweruka lililonse ndinkapala galasi ndi khadi lakale, kupopa madzi ndi kapaipi mpaka atsike pang'ono, kuthiramo ena ogonera m'ndowa, kutsuka kasiponji ka m'sefa. Lachitatu lisanakwane, ndere zabwerera ngati ndazitumizira uthenga.

Ndinapita kwa wogulitsa nsomba zoweta uja wa kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Anati ndere zimakonda zinthu ziwiri, kuwala ndi chakudya chotsala. Ine ndi alamu anu tinachotsa thanki pawindo, chala changa n'kupanikizika. Getsi lake ndinayamba kuliyatsa maola ochepa. Wogulitsayo anandipatsanso nkhono ziwiri zoti zizidya nderezo. Zanenepa ngati mabwana, koma ntchito inazikulira.

Nditapitanso kachitatu, anandiuza mosapsatira kuti wina kwathu akuzidyetsa mopitirira muyezo. Ndinakwiya, ndinamuuza kuti abambo amatsina kachakudya kamodzi kokha m'mawa, monga munawaphunzitsira.

Tsiku lina mutu unandigoneka, sindinapite kuntchito. Ndinali pampando wa pabalaza. Abambo anadyetsa nsomba atangomwa tiyi. Posakhalitsa anabweranso, kutsegula kachitini ka chakudya cha nsomba, n'kuzipepesa kuti achedwa. Pofika masana anali atazidyetsa kasanu ndi kawiri, ndipo nthawi iliyonse ankazipepesa.

Nditawauza mwaulemu kuti zadya kale, anandidzudzula kuti chiweto sichinena njala, ndiponso kuti iwo sanalere mwana woumira.

Achimwene, tchimo langa lili apa. Ndinabisa kachitini kaja pamwamba pa kabati. Ndinkadziuza kuti ndikupulumutsa nsomba, koma kunena zoona ndinali nditangotopa ndi kunyamula ndowa. Anakafunafuna masana onse, m'madirowa, m'nsapato, ngakhale m'firiji. Kenako anaima pakhomo la kukhitchini misozi ikulengeza, n'kundipempha kuti ndikawafunse amayi kumene akaika. Amayi, amene tinawaika m'manda zaka zitatu zapitazo.

Ndinakwera pampando n'kukatsitsa, manyazi atandigwira. Kuyambira tsikulo ndimasiyamo tinyenyeswa ta tsiku limodzi basi. Tinyenyeswato tikatha, amagwedeza kachitini kopanda kanthu pamwamba pa madzi, n'kuchoka mtima uli m'malo. Madzi ayamba kuyera. Wogulitsa uja anandiyamikira, koma ine sindinapeze chosangalalira, chifukwa tsiku lililonse ndikunamiza bambo wanga.

Kuchipatala tinapita. Adokotala anati ndi matenda oiwala amene amadza ndi ukalamba, ndipo sabwerera m'mbuyo. Papita miyezi iwiri ndikukubisirani, poopa kukusokonezani pantchito. Mundikhululukire.

Sabata yatha ndikupala galasi, abambo anakoka mpando n'kukhala pafupi. Anandithokoza ngati mlendo, kunditchula kuti mayi, n'kundifunsa ngati ndimatsukanso nsomba m'nyumba zina. Anandiuza monyadira kuti thankiyo anawagulira ndi mwana wawo wamwamuna, ndipo abwera posachedwa. Anati alinso ndi wamkazi, koma ameneyo sabwera n'komwe kudzawaona.

Ndinavomera kuti ana amasiku ano ndi choncho, n'kupitiriza kupala. Ndinakalirira kubafa potaya madzi.

Sindikupempha mankhwala a ndere kapena sefa yatsopano, ndikudziwa kuti ndiko kumene maganizo anu athamangire. Ndatopa, achimwene, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ine andiiwala ndili nawo m'nyumba imodzi, koma inu adakakusungani. Tsiku lililonse amandiuza ndisese kuchipinda kwanu. Musadikire tchuthi cha kumapeto kwa chaka, chifukwa sindikudziwa ngati dzina lanu lidzafike nawo kumeneko. Bwerani adakali okuyembekezani.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mulungu akusungeni ndi kukutsegulirani njira.

Ndine mlongo wanu,
wotsuka nsomba.