Mzere wa Tamanda

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo. Mwana wanu Tamanda anadwala malungo, koma wachira ndipo wabwerera kusukulu.

Mukukumbuka mtengo uja anazika a bungwe powolokera mtsinje, wokhala ndi mzere wofiira woti madzi akafika pamenepo tiziimba wenzulo anthu asawoloke? Chichokereni a bungwe, penti inafufutika ndipo ambiri a m'komiti yoyang'anira mtengowo anagwa ulesi. Loweruka tinapita anthu ochepa kukapakanso. Tamanda ananditsatira, n'kukatsamira mtengowo kuti ndimuyeze msinkhu. Achimwene, mzere uja unamufika pakhosi. Paja tinayezera m'chiuno mwa munthu wamkulu, kuiwala kuti ana athu amawoloka pomwepo popita kusukulu.

Nditanena kuti tiutsitse, a tcheyamani anati, "Tikatero wenzulo izingolira, anthu atopa nayo."

Ine ndinati, "Atope, bambo, bola mwana azifika pakhomo."

A tcheyamani anamuyang'ana Tamanda kanthawi, kenako anatenga bulashi okha n'kupaka mzere watsopano molingana ndi mawondo a mwanayo.

Tsono penti yatithera tisanapake mtengo wina wa tsidya linalo, ndipo mvula ili pafupi. Chonde mukapeza wobwera kuno, mumupatsire kachitini ka penti yofiira ndi wenzulo ina, yathuyi inang'aluka. Woimba ndavomera kukhala ine, chifukwa wina akhoza kuchedwa.

Mulungu akusungeni kumeneko. Tamanda akuti mudzabwere mudzaone mzere wake mawondo ake asanaupitirire.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane