Mphepo ya Pampando Wakumbuyo

Lolemba, 4 Ogasiti

Tsiku alipereka. Pa 18, opaleshoni yachiwiri yapakhosi. Dokotala sanazungulire: chotupacho achichotsa bwinobwino, koma timawu tatsalati mwina tipita nacho limodzi. A Kondakitala angogwedeza mutu ngati akuuzidwa kuti mawa kugwa mvula. Ine ndi amene ndimafunsa mafunso opanda mutu, mpaka andiponda phazi.

Mkazi wanga ameneyu, mphunzitsi wa zaka makumi atatu, akakuwa pabwalo la sukulu ngakhale ana a tsidya la msewu ankaima. Lero kuti ndimve zomwe akunena ndimayamba ndazimitsa wailesi.

Pobwerera ndinati Loweruka la pa 16 tikwere njinga yathu yamoto tipite kumapiri ngati kale, tisanalowe m'chipatala. Apukusa mutu. Ndabwereza, apukusanso.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Tsiku lonse m'garaji, kupukuta njinga yoyera kale.

Dzina la Kondakitala ndinawapatsa ndine, chaka chomwe ndinapuma ntchito yoyendetsa mabasi n'kugula chinjinga chimenechi. Ankatsamiritsa chipewa chawo cha panjinga kumbuyo kwa changa n'kumayankhula, mawu n'kumadutsa m'zipewamo kufika m'mutu mwanga, osafuna waya kapena chilichonse. Nkhani za kusukulu, za ana, za anthu omwe tawapitirira. Ndipo pamtsetse wa pafupi ndi pophwanyira miyala, ulendo uliwonse osaphonya: "Adalaivala, mwanyamula anthu muno, si matumba a simenti."

Chichokereni ku opaleshoni yoyamba, zaka ziwiri tsopano, chipewa chawo sichinakhudzepo changa. Amakhala kutali, atagwira zitsulo za m'mbali, msana utatsamira bokosi. Ine mumtima ndinkati matendawa awachotsa kwa ine. Zinkandiwawa, koma sindinafunsepo.

Lero ndafunsa. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo kuti ndimve bwino.

"Kakhaleni kumbuyoko nokha," anatero, n'kupitiriza kuluka juzi lawo.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndakhalako.

Ndinaitana mlamu, mlongo wawo wa a Kondakitala (a K. mwachidule), wowotcherera zitsulo uja. Anaseka kaye kuti dalaivala wamkulu lero asanduka katundu. Iye kutsogolo, ine kumbuyo, koyamba chigulireni njingayi.

M'tauni zonse bwino. Titalowa msewu waukulu n'kudutsa liwiro la 80, ndinaona zakuda. Ngati anthu awiri aima uku ndi uku n'kumandimenya mutu ndi mapilo onyowa, mosinthana, osapuma. M'makutu phaphaphapha. Zilembo za pazikwangwani zinayamba kuoneka ziwiriziwiri. Ndinati nditsamire kutsogolo, chipewa changa chinayamba kugogoda cha mlamu, gu gu gu, mano n'kumaluma lilime. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kugwira zitsulo za m'mbali, msana pabokosi. Apo ndi pomwe ndinazindikira kuti ndakhala ndendende mmene amakhalira a K.

Mlamu kutsogoloko anali akuimba mluzu. Pamalo pa dalaivala pali phee ngati pabalaza.

Ndi galasi lija. Galasi lakutsogolo lalitali lomwe ndinaika iwo ali m'chipatala ulendo woyamba, kuti mphepo yozizira isamawafike pakhosi. Nzeru za m'basi: galasi likakula, anthu atetezeka. Mphindi khumi ndi ziwiri zokha mutu ukundiphulika mpaka pano. Iwo zaka ziwiri.

Nditafika kunyumba anangondiyang'ana maso ofiirawo, n'kukankhira kapu ya madzi kwa ine. Ndinafunsa chifukwa chomwe sanandiuzire zimenezi kale.

"Munali mutauza kale msewu wonse kuti mwagulira ine."

Ndinatuluka kukathirira maluwa othirira kale.

Chinthu china chomwe sichikuchoka m'mutu. Pakolala ya jekete la mlamu panali kaulusi kosomphoka. Ife tikuthamanga 90, kaulusiko kanali kataloza kutsogolo. Kutsogolo, komwe tikupita.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndinati ndibwezeretse galasi lakale lalifupi. Mlamu akuti ndinampatsa chaka chatha, ndipo pano ndi zenera la khola la nkhuku zake. Komanso lalifupilo ndiye mphepo pakhosi, zomwe dokotala analetsa.

Mwana wathu wamkazi pafoni akuti zilipo zogula padera: timapiko tiwiri tomangirira m'mbali mmunsi mwa galasi, ndi kamlomo kopanira pamwamba pake kokhoza kupendeketsa. Waitanitsa. Akuti Lachiwiri.

Ndapempha ulusi wofiira kwa a K. Afunsa ndi nsidze kuti wa chiyani. Ndati ndikufuna kuiona mphepo. Atenga rula ndi sizasi. Tidutswa makumi anayi, tonse tofanana, tondandalikidwa patebulo m'mizere ya khumikhumi. Uphunzitsi sutha.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Sindikudziwa kuti ndilembe bwanji zimenezi.

Tinamata tiulusi ndi selotepi paliponse: pathanki, m'mphepete mwa galasi, pamapewa ndi pamsana pa mlamu, pachipewa chake. Tina ndinamangirira pakandodo koti ndizinyamula kumbuyoko. Anthu a pafilingi, pomwe tinamwetsa mafuta, amangotiyang'ana, mmodzi anafunsa ngati tikupita kuukwati.

Pa 40 tiulusi tonse tagona chammbuyo, mwaulemu. Pa 60 tina tayamba kunjenjemera. Pa 85 zinthu zinasintha, ndipo ine ndinaiwala kuti mutu ukumenyedwa. Ta pathanki tinaimirira chilili, kuloza kumwamba. Ndiye kuti mphepo ikulowera pansi, m'mbali mwa tayala lakutsogolo, n'kukwera pachifuwa pa dalaivala. Ta pamsana pa mlamu tonse tinatembenuka n'kuloza kutsogolo. Ndinakweza kandodo kufika pomwe pamakhala mutu wa a K. Ulusi unayamba kuzungulira ngati wapenga, uku, uku, kudzikulunga pandodo n'kudzimasulanso. Ndikakweza dzanja pang'ono pokha pamwamba pa mutu, ulusi womwewo myaa, wawongoka, osagwedera n'komwe.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikuyendetsa basi, ndinkadziwa kuti mphepo imachokera kutsogolo, basi. Kani ili ndi njira zake, ngodya zake, pokhotera pake. Imakwera galasi, ikafika pamwamba imagwa, n'kubwerera kudzadzaza malo omwe galasi lasiya opanda kanthu, monga amachitira madzi kuseri kwa mzati wa mlatho. Ndipo pomwe yochokera pamwamba imakumana ndi yochokera pansi n'kuyamba ndewu, ndi pomwe ndinakhazika mkazi wanga.

Zonsezi zakhala zikuchitika masiku onse, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso panga penipeni. Ndinachita mantha pang'ono, ngati mmene umamvera ukalowa m'tchalitchi chachikulu mulibe munthu. Ndinapempha mlamu kuti tibwerezenso kawiri, osati chifukwa choyeza ayi, ndimangofuna kuonanso.

Kunyumba ndafotokoza ndi manja, ndi mapewa, mpaka kugwetsa vazi ya maluwa. A K. atenga pepala n'kujambula njinga ndi mivi, bwino kuposa mmene ndinafotokozera. Pomwe pali mutu wawo ajambulapo kamzere kopotanapotana, n'kukadinda mwamphamvu mpaka pensulo kuthyoka.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Katundu sanafike. Masiku anayi.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Wafika. Nditatsegula ndinakhumudwa. Timapiko take ngati chikhatho changa, kamlomo ngati rula wa a K. Tinthu timeneti ndi toti tilimbane ndi chimphepo chija?

Kumanga kwatenga m'mawa wonse. Kapepala ka malangizo zilembo zake ngati nyerere, kabawuti kamodzi kanagubudukira pansi pa fuliji yakale, mlamu n'kumati kwawo akanangowotcherera. Ndinaimika kamlomo chilili ndipo timapiko ndinatitambasula mpaka pomaliza, kuti titchinge kwambiri.

Zaipiratu. Kumenya kuja kulipobe, kwawonjezekera ndi likhweru lobaya m'khutu lamanzere. Ndinatsika njinga ndili ndi ukali wofuna kuponya sipanala kuseri kwa mpanda. Ndinamasula ichi, kupinda icho, kukweza galasi, zonse nthawi imodzi. Ulendo wachiwiri sindinadziwenso chomwe chathandiza ndi chomwe chaononga.

A K. anabwera m'garaji ndi choko. Anajambula mizere pakhoma, n'kulemba pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu: CHIMODZI CHIMODZI. Mlamu anati umu ndi mmene ankamuphunzitsira masamu, kungoti nthawi imeneyo pankakhalanso khofi la patsaya.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Maulendo asanu ndi awiri, msewu womwewo, kukafika pamlatho n'kubwerera. Kusintha chinthu chimodzi, kupita, kubwera, kunena. A K. pampando pakhomo pa garaji, kulemba pakhoma. Mlamu watseka shopu yake masiku awiri tsopano ndipo sanadandaulepo.

3: kamlomo kogoneka pang'ono. Likhweru latha.
5: timapiko tobweza mkati theka. Ta pathanki tayamba kugona.
6: tobwezanso. Zaipa. Tabwerera pa 5.

Chodabwitsa n'chakuti kusuntha kwake n'kochepa ngati chikhadabo, koma kumbuyoko dziko lonse limasintha. Kapulasitiki kopepuka ngati supuni kakuuza chimphepo cha 90 kuti dutsa uku, icho n'kumvera.

Ulendo wa 7 usanachitike, a K. analoza mmunsi mwa galasi pachithunzi chawo chija, n'kujambula kamuvi kolowa mkati. Galasili lili ndi pomasulira kuti pansi pake patseguke mpata, ine ndinatsekapo tsiku lomwe ndinaliika. Ndinakana. Tikulimbana ndi mphepo, ndiye tiitsegulirenso khomo? Anandikoka khutu kuti ndiwerame.

"Ikubwerera chifukwa mwaimana polowera. Ipatseni pang'ono."

Ndinati mawa. Kunena zoona ndimangoteteza ulemu wa galasi langa.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ndatsegula mpata wa zala ziwiri.

60. 70. 80, ndakonzeka kale, khosi ndalimbitsa. 85. 90. Palibe chomwe chabwera. Ndinasuzumira pa mita kuopa kuti mlamu akundinamiza. 95.

Tiulusi ta pamsana pake tagona chammbuyo, tikungogwedera pang'onopang'ono ngati tikupuma. Wa pakandodo wawongoka. Mphepo ndikuimva ndithu, ikudutsa pamwamba pa chipewa ndi m'mbali mwa mapewa, yosalala, ndipo ife tili mkati mwake ngati m'kachipinda kopanda makoma. Ndinatulutsa dzanja kumbali, inalikankha mwamphamvu. Ndinalibweza, bata. Ndinachita zimenezi kangapo ngati mwana. Ndinamva injini, ndinamva matayala pamsewu, ndinamva ngakhale galu akuuwa kumudzi wina.

Kenako ndinatsamiritsa chipewa changa pa cha mlamu. Sichinagogode. Ndinanena motsitsa kuti, ukundimva? Njinga inagwedezeka pang'ono.

"Alamu, ndakumvani, koma ine si mkazi wanu. Chokani pamsana panga."

Tinaseka mpaka pamlatho. Pobwerera ine sindimasekanso, misozi inali ikulowa m'makutu.

A K. anamvetsera zonse, n'kupita kukhoma, n'kuchonga pa nambala 8. Za mawa sananene kanthu, inenso sindinafunse. Chikwama cha kuchipatala alongedza kale, chili pakhomo pa chipinda. Tiulusi ndati ndichotse, andiletsa.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndikulemba patebulo la kalesitilanti ka pafilingi, kuseri kwa mapiri.

M'mawa ndinawapeza m'garaji atavala kale jekete, sikafu pakhosi, akupukuta chipewa chawo ndi mpango. Anakwera monga mwa masiku onsewa: kutali, manja pazitsulo, msana pabokosi. Ndinayenda ngati ndanyamula mazira. Msewu waukulu, 70, 80. Pagalasi loonera kumbuyo ndinaona khosi lawo litauma, akudikira kumenyedwa. 90. Anatulutsa dzanja kumbali, n'kulibweza. Analitulutsanso.

Tinadutsa mlatho. Dzanja limodzi linafika m'chiuno mwanga, kenako linzake. Titayamba mtsetse wa pophwanyira miyala ndinamva kakugunda kamodzi kokha kumbuyo kwa chipewa, kofewa, n'kukhala pomwepo.

"Adalaivala, mwanyamula anthu muno, si matumba a simenti."

Si manong'onong'o aja a pabalaza. M'zipewamo mawu amabwera onenepa, akuya, kunjenjemera m'mafupa a mutu. Mawu awo akale, a pabwalo la sukulu. Sindikudziwa kuti zimatheka bwanji ndipo sindikufuna wondifotokozera.

Msewu unayamba kusambira m'maso, ndinayatsa chosonyeza kuti ndikuima pambali.

"Musaime. Ndili ndi za zaka ziwiri."

Sindinaime. Tadutsa kumapiri komwe timati tikathere, tadutsa tauni ina yomwe sitinafikeko n'kale lonse. Andiuza komwe anabisa makiyi a njinga mwezi uja ndinawasaka sabata yathunthu. Andiuza zomwe akuopa za Lolemba, ndi zoti ndidzachite ngati mawu sadzabwerera. Andiuza zina zomwe sindilemba ngakhale muno. Taima chifukwa mafuta anatsala pang'ono kutha.

Pano patebulo sakuyankhula, akusunga mawu. Tiyi wawo amwa theka. Avala kale chipewa, aima pafupi ndi njinga pakati pa tiulusi tofiira, ndipo akugogoda pachipewacho ndi chala, akundiyang'ana.