Tsiku Langa la Madzi

Lolemba, 9 Seputembala

Anyezi wakhwima! Mitu yake ngati zibakera. Damu lisanamangidwe, mwezi ngati uno ndinkangoswera pakhonde. Lero msana ukupweteka koma mtima uli mbee.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Ndinapita kukagulitsa anyezi pa boma pa kabaza. Dzuwa lisanafike pamutu dengu linali gwaa. Ndadzigulira chitenje chobiriwira. Amuna anga a Ambrose akuti ndikuoneka ngati mkwatibwi. Bodza, koma lokoma.

Lachinayi, 12 Seputembala

Kuchigayo ndakumana ndi Ajira, mnzanga wa kusukulu amene anakwatiwa kumunsi kwa damu. Moni wake wozizira. Ine osadziwa kanthu, n'kumufunsa za tomato wake.

"Tomato wanji, Ruth? Mtsinje munautsekera kwanuko. Ife tikufukula mchenga kuti tipeze madzi osamba popita kumzikiti. Nanga nsomba za sanjika zinkakwera kuchokera kunyanja zija, unaziona liti?"

Ndinangoweramira thumba langa. Zoonadi, sanjika papita zaka ziwiri osaziona.

Lachisanu, 13 Seputembala

Udzudzu m'chilimwe! Kale kunalibe zimenezi. Ndasoka neti ya mwana wanga Olivia.

Loweruka, 14 Seputembala

Kiyi wa chitseko cha damu amasunga a Ambrose, poti ndiwo apampando a sikimu yathu ya ulimi wothirira. Ndawauza za Ajira tikupalira.

"Mayi a Olivia, ndikatsegula anthu a sikimu andidya wamoyo."

"Nanga Lolemba si tsiku langa lothirira? Madzi angawo apite kumunsi."

Anaima n'kutsamira khasu. "Mbande zanu zatsopano zija?"

"Zina zifota. Zina zipirira."

Anayambiranso kupalira. Akangotero, ndiye kuti avomera.

Lamulungu, 15 Seputembala

Kwaya yaimba bwino. Kutuluka m'tchalitchi amayi ena a sikimu andiyang'ana cham'mbali. Nkhani yafika kale.

Lolemba, 16 Seputembala

A Ambrose atsegula chitseko m'mawa. Madzi ndawatsatira wapansi. Amayenda pang'onopang'ono, kukankha masamba ouma, mchenga ukumwa theka. Pena ndinkaopa kuti athera panjira.

Pa dimba la Ajira afika masana, kamtsinje kopyapyala ngati chingwe. Iye anali pompo, tomato wake ali lende. Anayang'ana madziwo, kenako ine, fumbi mpaka m'mawondo. Zikomo sananene.

Anangondiponyera khasu.

"Waimiranji iwe? Tseka uko, akuthawa!"