Juzi ya Amayi pa Siteji

Härnösand,
14 Novembala 2023

Okondedwa achemwali anga Majken,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno chisanu chayamba, mdima ukugwa tisanamwe n'komwe khofi wamasana. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mukanandidula pakamwa.

Paja ndinakuuzani kuti akuluakulu a zisudzo kuno andipatsa kuti nditsogolere sewero lakalekale lija la mwamuna ndi mkazi odana m'nyumba imodzi, limene tinkaliwerenga mokakamizidwa kusukulu. Titaliyeserera pamaso pa ana a sekondale, ankangoseka. Östen, wosewera mwamunayo, akukalipa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, mtsikana wina anafunsa mokweza kuti, "Bwanji osangosudzulana?" Ndinapsa mtima, koma mwanayo sananame.

Ndiye ndinachita chinthu choipa, achemwali. Ndinachotsa kukalipa konse n'kuikamo za kwathu. Mkazi amaphika mbatatesi ndi nsomba, amaika patebulo. Mwamuna amadya, amapukuta pakamwa, n'kunyamuka osathokoza chakudyacho, monga momwe ababa ankachitira kwa amayi zaka zonse zija. Ylva, wosewera mkaziyo, ndinamuveka juzi yobiriwira ya malemu amayi, ndinamuphunzitsanso kuimba chapansipansi potsuka mbale.

Zinatheka. Tsiku loyamba holo yonse inangoti zii, ndi ana omwe. Inu mukudziwa, ngakhale mwana wosatha kumanga nsapato sachoka patebulo asananene zikomo. Manyuzipepala anandiyamikira, ine n'kumadzimva.

Ababa sindinawauze. Anamva kwa anzawo kunyumba ya okalamba, n'kubwera okha pa basi. Ndinangowaona ali pamzere wachitatu, chipewa chili pamaondo. Sewero litatha ndinawapeza akuvala khoti lawo pakhomo.

"Ababa, pepani," ndinatero. "Ndinayenera kukupemphani kaye."

"Mtsikana uja akuimba mothamanga," anayankha. "Amayi ako ankaimba pang'onopang'ono. Umuuze."

Kuyambira pamenepo sanajombepo. Amakhala pampando womwewo, maso ali pa Ylva yekha. Bola akanandikalipira, achemwali, ndikanapeza poyambira. Dzulo ndikuwaperekeza kokwerera basi anandigwira mkono.

"Torun, akuti mukutseka Loweruka?"

"Eya ababa, tiyamba sewero lina."

"Nanga amayi ako ndizikawaona kuti?"

Basi inafika, ndinawakweza, anakhala osacheuka.

Ndapempha akuluakulu kuti tiwonjezere masiku koma akana. Chonde bwerani Loweruka mudzakhale pambali pawo, chifukwa magetsi akadzazima ine ndekha sindidzatha kuwatulutsa m'holomo. Mukafuna kundinyoza mudzandinyoze, ndikuyenera, bola mubwere.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Ababa nawonso akupereka moni, ndipo akuti pobwera mudzavale bwino, mudzaonana ndi amayi.

Ndine mng'ono wanu wolakwa,
Torun