Mchere wa Iness

Thambani, Mwanza
14 Julaye 2024

Wokondedwa mlongo wanga Gervasio,

Ndikhulupirira uli bwino ku Teteko ndipo ntchito ya ku galaja ikuyenda. Kuno tadzuka tonse. Mayi mwendo wasiya kuwavuta, manachesi abereka mpaka nthambi kuthyoka. Kalatayi ndapatsira a Helder oyendetsa thiraki, poti foni yochokera kunyumba kwako sukuyankha.

Ndiyambe ndi chokoma. Mwana wako Thandie akugona tulo. Chikanga chija chimamutulutsa magazi m'zigongono ndi kuseri kwa mawondo chauma. Juzi ija ankabisira mikono wayivula, ndipo dzulo wasewera fulaye mpaka kuchita kumuitana.

Tsono zimene anakuuza azakhali a Zefa ndazimva. Akuti mkazi wako Iness anasiya kuthira mchere m'ndiwo, ndiye kuti wayenda njira ina ndipo akuopa kumudula mwana. Akuti ngakhale chikangacho ndi tsempho. Akutinso bakayawo, nsomba zamchere zija unatumiza, anagawira aneba chifukwa za mwamuna wake sakuzifunanso.

Zoti anasiya kuthira ndi zoona. Za bakayawo ndi zoonanso, ine ndemwe ndinadyako. Koma imva mmene zinayendera, poti ndinalipo.

Pa 6 Meyi ndinawaperekeza kuchipatala. Adokotala anapereka mafuta odzola, kenaka anafunsa zimene mwana amadya. Iness anatchula bakayawo, tchipisi, ndi kamba wa pa geti la sukulu. Iwo anati ofufuza akuona ngati mchere wambiri umakolezera kuyabwa kwa khungu mwa anthu ena. Anati sakulonjeza kuti achira ndi zimenezo, mankhwala asasiye, koma kuchepetsa mchere sikungamupweteke.

Kuyambira tsikulo Iness amaphika mphika umodzi wopanda mchere, wa akuluakulu n'kuika pa sosala kuti aliyense azidzithirira. Azakhali anafika tsiku lina, n'kuona sosalayo. Sanafunse kanthu. Anangotsuka m'manja, n'kupita kukagula mayunitsi oti akuimbire.

Iness analira, Gervasio. Anandiuza kuti mwina angoyambanso kuthira kuti banja lake lisathe, koma akayang'ana mikono ya mwana dzanja limakana. Kaya ndi mafuta, kaya ndi mchere, kaya zonse ziwiri, ine sindidziwa. Ndikudziwa kuti anasankha mwana wako, anthu akumuloza chala pa mjigo.

Lamlungu lathali mayi anaitana azakhali kudzadya nkhuku. Itapsa, Iness anatenga mphika n'kuuika pakati pa bwalo, nati azakhali ayang'anitsitse. Anatapa mchere pang'ono ndi dzanja lake, n'kuthira, n'kutakasa. Woyamba kumugawira anali Thandie. Iwe ukudziwa, mkazi amene ali ndi mlandu sangayerekeze zimenezo pa mwana wake.

Azakhali analawa. Kenaka anati nkhuku ndi yokoma koma mchere wachepa, bola awonjezereko. Mayi anawayankha kuti inu a Zefa, asathire mwakwiya, athire mwadandaula, kodi mchere wake womwe mukufuna ndi wa ku Beira? Tinaseka mpaka Thandie kutsamwa. Azakhali nawonso anaseka, ndipo popita anamugwira Iness dzanja nthawi yaitali. Paja iwonso a chipatala anawaletsa kale mchere chifukwa cha BP, koma zimenezo sakamba.

Ndiye pempho langa ndi ili. Muimbire mkazi wako lero lomwe walandira kalatayi, usadikire mawa. Sakufuna mawu ambiri, moni yekha akwana. Ndipo pa 3 Ogasiti pali ubatizo wa mwana wa a Petro, bwera anthu akuoneni mutakhala benchi limodzi.

Pobwera usanyamule bakayawo. Tenga mafuta odzola opanda fungo, botolo lalikulu. Thandie akuti akufuna akuonetse zigongono zake, wakana kuti tijambule pa foni, akuti uzigwire wekha.

Iness sakudziwa kuti ndalemba. Koma dzana akusenda anyezi ananena yekha kuti tsiku limene udzafike, ndiwo zako adzathira ndi dzanja lake iwe ukuona. Anati adzathira pang'ono pokha, ndipo ukadzadandaula akakusumira kwa azakhali.

Upereke moni kwa a Horacio ndi banja lawo. Mulungu akusunge panjira.

Ndine mlongo wako,
Enelesi